Mfuti Imene Inadzuka M'chisakasa cha Lufeyo

Kalekale, koma osati kale la makolo ovala nyanda ayi, kale loti amene anali makanda nthawiyo lero akumera imvi, kumapiri a kumalire kunali mayi wina dzina lake Nasibeko. Dera limenelo ndi lozizira. Anthu ake amalima mbatatesi ndi kabichi, ndipo nkhungu ikatsika m'mawa munthu amayamba wamva mawu a mnzake asanaone nkhope yake. Malire a dziko lathu ndi dziko la kutsidya anali msewu wafumbi chabe. Kutsidyako kunali kutachitika nkhondo yaitali, ndipo ngakhale inali itatha, nthaka inali isanamalize kulavula zimene inameza. Munthu akamalima, khasu linkatha kulira ngwe, akafukula n'kupeza chitsulo chadzimbiri: mpope wa mfuti, chisoti, kapena chitini cha zipolopolo.

Mwamuna wa Nasibeko anali Lufeyo, wokonza njinga ndiponso wosula makasu. Ankayenda motsimphina. Ali mnyamata, akuweta ng'ombe za atate ake, ng'ombe ina inaponda bomba lokwiriridwa pansi, ndipo chidutswa chake chinamudya mwendo wamanzere. Munthu wotere mukanaganiza kuti azithawa chilichonse chonunkha nkhondo. Koma Lufeyo ndiye ankayamba kufika pamsika amalonda a kutsidya akabwera ndi matumba a zitsulo zotsala kunkhondo. Anzake ankagula zitsulozo kuti asule nkhwangwa ndi zikwanje. Iye ankapisa m'thumba kufunafuna ziwalo za mfuti zakufa.

Akaweruka ntchito masana, ankayala chiguduli m'chisakasa mwake, n'kuyamba kupala dzimbiri ndi tupa, kutsuka ndi palafini, kuyesa ichi pa icho kuti aone ngati zinali za bere limodzi. Sankasaka nyama. Wonga kapena chipolopolo sizinalowepo pakhomo pake. Chimene ankafuna ndi kumva kaphokoso kaja kamene chitsulo chimachita chikalowa pamalo pake penipeni. Pakhoma la chisakasacho panapachikidwa mfuti zambiri, koma zonse zinali zolumala ngati mwini wake: iyi yopanda thako, iyo yopindika mpope, inayo yopanda zam'kati.

"Bambo a Tinyade," ankatero Nasibeko, "zinthu izi zinali ndi eni ake. Mukuzisungiranji?"

"Chinthu chimene chinandiluma ndifuna ndichidziwe mano ake," ankayankha Lufeyo. "Musaope, aNasibeko. Mfuti yopanda chipolopolo ndi ndodo chabe."

Tinyade anali mwana wawo mmodzi yekhayo, kamtsikana kongoyamba kumene kusenza kamtsuko. Wachiwiri anali m'njira, pakuti Nasibeko anali ndi pakati.

Tsono mverani mmene mfuti imodzi inakhalira yathunthu. Anthu atatu anaikapo manja.

Woyamba anali Gelevazio, mkulu wake wa Lufeyo, amene ankakhala nawo pabwalo limodzi. Mkazi wake anali atamwalira, n'kumusiyira ana ambiri ang'onoang'ono otsatana ngati zala. Nkhuni ndi bowa ankakazifuna kutali, m'nkhalango za kutsidya kumene ena ankaopa kupondako. Tsiku lina mvula inamupirikitsira m'phanga, ndipo m'menemo anapeza mafupa a munthu ali chogona, nsapato zachisilikali zikadali kumapazi. Mafupa a manja anali atakumbatira mfuti. Thako lake la mtengo linali litadyedwa ndi chiswe, koma mpope ndi zitsulo zake zinali mbee, ngati zapukutidwa dzulo. Gelevazio anakumbukira mng'ono wake, amene chiphwanyikireni mwendo sankaseka kawirikawiri. Anatambasula zala za mafupazo chimodzichimodzi, n'kusolola chitsulocho. Atafika kumudzi anangoti, "Ndakutolera ichi m'munda." Za mafupa sananene.

Wachiwiri anali Lufeyo mwini wake. Chitsulocho chitangomukhudza m'manja anadziwa kuti sichinali ngati zinzake. Anatenga thabwa la mlombwa limene ankasungira chitseko cha nyumba yawo yatsopano, n'kusemapo thako. Tizitsulo tosowa anatitola m'matumba ake aja, kamodzikamodzi, mpaka zonse zinakhala m'malo mwake kupatula chimodzi. Panatsala chitsulo chokokera chija chimene chimalowa pakati, chimene iye ankachitcha mtima wa mfuti. Anayesa zonse zimene anali nazo, koma chilichonse chinkakana. Anayamba kuiwala njinga za anthu. Chakudya chinkazizira pambali pake. Wamalonda wina wa kutsidya, ataitanidwa kuti adzaione, anaima pakhomo n'kubwerera chafutambuyo.

"Bwana," anatero wamalondayo, "mfuti siitaya mtima wake yokha. Pali amene anauchotsa, ndipo anali ndi chifukwa. Isiyeni igone."

Lufeyo anangogwedeza mutu, n'kupitiriza kufunafuna.

Wachitatu anali Nasibeko, ndipo nkhani yake inayambira patali. Iye anabadwira kutsidya. Ali wamng'ono ngati Tinyade, asilikali anafika m'mudzi mwawo dzuwa lili paliwombo, anthu akutonola chimanga. Iye anathawira m'mabango a kumtsinje. Kumeneko anamupeza msilikali wina, mnyamata wosamera ndevu, jekete likumukulira. Kumbuyo kwawo mawu a mkulu wa asilikali ankamveka, akulamula kuti pasatsale munthu. Mnyamatayo anamuyang'ana mwanayo kanthawi, kenaka anasolola chitsulo m'mfuti mwake n'kumufumbatitsa, chikadali chofunda.

"Thawa nacho," anatero. "Usadzampatse munthu. Chikakhala kwa iwe, mfuti iyi sidzalankhulanso."

Nasibeko anathamanga mpaka anadumpha msewu wa malire, ndipo anakulira kuno. Chitsulocho anachibisa pansi pa mtsuko wa mbewu za nyemba, osauzako ngakhale mwamuna wake. Tsiku limene anaona mpata wotsala pamfuti ija, anauzindikira nthawi yomweyo. Chitsulocho anachisiyabe mumtsuko masiku ambiri ndithu. Koma Lufeyo ankangowondabe, makasitomala anasiya kubwera, nyumba yatsopano inali yopanda chitseko, ndipo mwana m'mimba anali atayamba kutakataka. Nasibeko anadziuza kuti, nkhondo inatha kale, mnyamata uja mwina anakalamba kwawo ndi zidzukulu zake. Bambowa amalize chinthu chawochi, abwerere kwa ife. Anapisa mumtsuko, n'kutulutsa chitsulo chija, n'kukachiika pachiguduli.

Chitsulocho chinalowa chokha, ngati mwana wolowa m'nyumba ya amake. Lufeyo anaseka kuseka kumene Nasibeko anali asanakumvepo chikwatiwireni. Ndipo pamene ankaseka choncho, panja nkhuku zonse zinakhala chete.

M'mawa mwake nkhungu inatsika monga mwa masiku onse, koma sinachokenso. Dzuwa linkangooneka ngati mbale yosatsuka. Agalu analowa pansi pa nkhokwe n'kukana kutuluka. Ana a Gelevazio akaitana anzawo a pakhomo loyandikana, mawu awo ankangomira, osayankhidwa. M'chisakasa munkanunkha wonga, chonsecho munalibe wonga.

Lufeyo anali atapachika mfutiyo kukamwa kwake kutaloza kudenga. Atalowa anaipeza itapingasa pamisomali, ikuloza kunyumba. Anaiwongola. Atatembenuka kuti atenge nyundo, anaipeza yapingasanso. Nasibeko ndiye anazindikira chimene inkatsata. Tinyade akapita kuthandala la mbale, mpope unkazungulira pang'onopang'ono kuloza kuthandala. Akapita kuseri kwa nyumba, nawonso unkatembenukira komweko, ngati mpendadzuwa.

Mwanayo sanatenthe thupi. M'malo mwake anayamba kuzizira. Pachifuwa pake panatuluka kabanga kakuda kozungulira, kukula kwake ngati nyemba. Sankalira. Ankangogona pamphasa maso ali gwa, n'kumanena kuti, "Amayi, akundiyang'ana."

Kenaka Nasibeko, akukataya phulusa, anaona anthu kumapeto kwa munda wa mbatatesi. Anali ataima pamzere, phewa ndi phewa, ambiri moti mzerewo unkathera m'nkhungu mbali zonse ziwiri. Sankasuntha. Panalibe wotsokomola, panalibe wokanda. Kutacha tsiku lina anali atayandikira mitumbira ingapo, ndipo pamene anaima dzulo lake masamba a mbatatesi anali bii, ngati owauka ndi chisanu.

Apa aliyense wa atatu aja anachitapo kanthu.

Lufeyo anayamba ndi zipangizo zake. Koma mfuti imene anaimanga ndi manja ake inakana kumasuka. Sipanala inkaterereka, tupa inathyoka. Anaiponya pang'anjo, n'kupukusa mvukuto mpaka mbaniro zinafiira, koma mfutiyo inatuluka yozizira, ngakhale thako lake la mlombwa losawauka. Pamenepo anakhala pansi, n'kuikumbatira, kukamwa kwake atakukanikiza pachifuwa pake. Inkalimbana naye ngati mbuzi yokana chingwe, koma iye sanaitaye. Nthawi yonse imene anaigwira choncho, Tinyade ankapuma bwino, mpaka anamwako phala. Koma kuzizira kuja kunalowa mwa Lufeyo. Milomo yake inada, ndipo mwendo wake wabwino uja unayamba kuuma. Akangowodzera pang'ono, mpope unkapulumuka n'kubwerera kwa mwana.

Gelevazio ataona zimenezi anagwada pakhomo pa chisakasa, n'kuulula za phanga ndi mafupa. Kenaka anati, "Ndipatse. Ndikaitula kuboma, akaone okha chochita nayo." Anaimanga panjinga ndi malamba n'kulowa m'nkhungu. Anapalasa mpaka malaya ananyowa, koma msewu unamufikitsa pakhomo la mng'ono wake. Anayesa njira ya kumsika, inamubweza. Anayesa ya kutchalitchi, ya kuchigayo, ya kudambo, zonse zinkamuzunguza n'kumulavulira pabwalo pomwepo. Sanagone mphwayi. Anasiya njinga n'kuyesa tinjira tonse ta miyendo, kamodzikamodzi, mpaka anapeza kamodzi kamene sikankabwerera. Kanali kanjira kake ka nkhuni, kolowera kutsidya. Koma kanjirako kankadutsa pakati penipeni pa mzere wa anthu aja. Anabwerera kuchisakasa, n'kubwezera mfutiyo kwa Lufeyo.

"Njira ilipo imodzi," anatero. "Ndawayandikira mpaka kuona mabatani a malaya awo. Maso ali nawo, koma saphethira."

Nasibeko anachita zake mosafunsa munthu. Analowa m'chisakasa Lufeyo atawodzera, n'kukaima pakati pa mfuti ndi khoma la kunyumba kumene kunagona mwana. Mpope unanjenjemera, kenaka unapatuka. Anasendera kutsogolo kwake, unapatukanso. Mfutiyo sinkafuna kumuloza. Pamenepo anadziwa kuti ikumukumbukira. Anatunga madzi m'chikho monga amachitira akabwera alendo, n'kupita kumunda. Atafika poti nsapato zawo zinkaoneka, anagwada, n'kuika chikho pansi.

"Achimwene amene munandipeza m'mabango," anatero, "ngati muli m'gulumu, fikani kuno. Ndine mwana uja."

Kwa nthawi panalibe chimene chinachitika. Kenaka mmodzi anatuluka pamzere. Ankayenda pa dothi lonyowa osasiya mapazi. Jekete linkamukulirabe, ndipo ndevu zinali zisanamere. Nasibeko anaona kuti munthu amene moyo wake wonse ankamuganizira ngati wamkulu anali mwana woti iye akanatha kumutuma nkhuni. Pakhosi pake panali chingwe chakuda cha bala. Msilikaliyo anakhala pamtumbira, n'kuyang'ana chikho chija osachigwira.

"Wakula," anatero msilikaliyo. Mawu ake anali aang'ono, ngati ochokera pansi pa chitsime.

"Ndakula chifukwa cha inu. Ndipo ndakulakwirani."

"Tsiku lomwe lija mkulu wathu anaona kuti mfuti yanga ilibe mtima. Anandifunsa kumene unapita, ine sindinanene. Zimene anandichita ukuziona. Koma ndinagona bwino, chifukwa msilikali wa mfuti yakufa saitanidwa pamzere. Anzangawa anafa zawo zili zamoyo, n'chifukwa chake akuyendabe. Tsono yanga itadzuka, dzina langa linaitanidwanso."

"Nanga mwana wanga walakwanji?"

"Sanalakwe. Lamulo lomaliza limene mfuti ija inamva linali la kamtsikana. Iwe inakuleka. Ndiye yapeza wina."

"Mulibe chipolopolo m'menemo."

"Uko ndi kuganiza kwa amoyo."

Nasibeko analoza kumbuyo kwake. "Itengeni, achimwene. Ili m'chisakasamo. Palibe amene akuifunanso."

"Akufa sitinyamula chitsulo. Tikanatha, bwenzi titaitenga kale. Pafunika wamoyo ainyamule, akaibwezere m'manja mwanga kumene ndagona, ndipo akaichotse mtima komweko. Kwina kulikonse sungatuluke. Akatero, mwana adzadzuka, nkhungu idzachoka, inenso ndidzagona."

"Mwagona kuti?"

"Wakufa sadziwa pamene wagona. Akudziwa ndi amene ananditambasula zala."

Msilikaliyo anacheukira kumzere kuja ngati mwana woopa aphunzitsi.

"Pali china. Wodutsa pamzere wathu atanyamula mfuti yathunthu amawerengedwa. Mkulu wathu adzamulola apite akagwire ntchitoyo, chifukwa msilikali wotumidwa satsekeredwa njira. Koma akamaliza, malo ake adzakhala amene ine ndasiya. Sabwerera. Mukapita awiri, awiri nonse mudzawerengedwa. Akapita wina n'kulephera, kaya wasokera, kaya wagwa panjira, kaya mtima wamukanika kuchotsa, ndiye kuti wapita pachabe. Ndipo mukapanda kutumiza munthu, tikadzafika pabwalo panu tidzatenga onse opuma, kuyambira wamng'ono."

"Ine mfutiyo imandipatuka," anatero Nasibeko. "Kodi ineyo nditapita, sindingabwerere?"

"Mfuti imakudziwa. Mkulu wathu sakudziwa. Mwina angakuone ngati mwana amene anapulumuka kale, n'kukusiya. Mwina angakuone ngati ntchito imene inatsala. Sindikudziwa, ndipo sindikunamiza."

Atatero anaimirira n'kubwerera pamalo pake. Nasibeko atayang'ana m'chikho anapeza madzi atauma, pansi pake patatsala dzimbiri.

Anasonkhana atatu m'chisakasa. Lufeyo anali pansi, atakumbatirabe mfuti. Nasibeko anafotokoza zonse, osabisa ngakhale za mtsuko wa nyemba. Mwamuna wake sanamudzudzule.

"Palibe chokambirana apa," anatero Lufeyo. "Choipa chitsata mwini. Achimwene anabweretsa chitsulo chakufa, inu munabweretsa kachitsulo kena kakufa. Wozilumikiza ndine. Ndinachenjezedwa, ndinamva, koma ndinapitiriza chifukwa chofuna kumva kaphokoso. Komanso kuchotsa mtima uja kuli ndi kapotozedwe kake, ndipo zala zodziwa ndi zanga. Ndikapita ine, ana anga atsala ndi mayi wawo, ana a achimwene atsala ndi bambo wawo. Palibe nyumba imene itsekedwe."

"Udzafika ndi miyendo iti?" anafunsa Gelevazio. "Taimirira tione."

Lufeyo anayesa. Anagwira khoma, n'kudzikoka, koma mwendo wouma uja unakana, ndipo anagwa chagada. Mpope unapulumuka, ndipo kunyumba kunamveka Tinyade akubuula. Lufeyo anaukokeranso pachifuwa pake msangamsanga.

"Ndidzakwawa," anatero.

"Phanga lili kuseri kwa mapiri awiri, ndipo pali mtsinje wodzaza. Ukagwa panjira tatha tonse." Gelevazio anapukuta kumaso ndi chipewa. "Mutu ukakula sulewa nkhonya. Wamkulu ndine. Amene anaba m'manja mwa wakufa ndine, ndipo ndinanama. Ndikanangonena za mafupa, iwe sukanachigwira chitsulocho. Njira ndikuidziwa ngakhale nditatsinzina. Undiphunzitse kapotozedweko."

"Ndingakuphunzitseni bwanji, achimwene, pamene mtimawo kuno sukusuntha? Inu manja anu ndi a nkhwangwa. Mukakafika n'kukanika?"

"Ndidzayesa mpaka utuluke."

"Nanga ana anu, alamu?" anafunsa Nasibeko. "Mayi anawaika m'manda. Bambo awaperekeze m'nkhungu? Wamng'ono uja sagona popanda kugwira chala chanu. Inu munatola chitsulocho chifukwa chokonda mng'ono wanu. Mukufuna ana amasiye alipire chikondi chimenecho?"

Gelevazio anayang'ana panja, pamene ana ake anaunjikana pakhonde atafunda bulangete limodzi.

"Ndipite ine," anapitiriza Nasibeko. "Inu nonse simunadziwe chimene munkachita. Ine ndinkadziwa. Munthu anafa chifukwa chokana kunena kumene chitsulo chija chinapita, ndipo anandipempha chinthu chimodzi chokha. Zaka zonse ndakhalazi ndi mphatso yake. Mfutiyo siilimbana nane, ndingainyamule ngati mtolo wa nkhuni. Mtima wake unakhala m'manja mwanga nthawi yaitali kuposa m'manja mwa wina aliyense, mwina ungandimvere. Ndipo mwa atatufe, amene ali ndi kamwayi kobwerera ndine ndekha. Alamu andifotokozere njira."

"Njira ya m'nkhalango safotokozera pakamwa, mlamu," anatero Gelevazio. "Ndikakuuzani kuti mukhotere pamtengo wa msuku, misuku ilipo yambirimbiri, ndipo m'nkhungu yonse ndi yofanana."

"Ndiponso simuli nokha, aNasibeko," anatero Lufeyo. "Mukapita inu apita awiri, ndipo wachiwiriyo sanagwireko chitsulo. Msilikali wanena yekha kuti awiri akadutsa, awiri awerengedwa. Tipulumutse mwana mmodzi potaya mnzake? Nanga Tinyade akadzuka n'kufunsa amake, ndidzamuyankha chiyani? Mnyamata uja anataya moyo wake kuti inu mukhale ndi moyo. Mukakalowa pamzere paja, ndiye kuti anafera chabe."

Nasibeko anaika dzanja pamimba pake. Mwana anatakataka, ngati wamva kuti akunenedwa.

Anakambirana mpaka malovu anauma. Aliyense akanena zake, awiri enawo ankapeza pobowoka. Anaganiza zochita maere, koma Gelevazio anati maere sadziwa njira, sadziwa kupotoza chitsulo, ndipo alibe miyendo. Anaganiza zoti Gelevazio abereke Lufeyo kumsana, koma pamenepo ndiye kuti nyumba zonse ziwiri zitsala zopanda bambo, ana onsewo n'kugwera mayi mmodzi woyembekezera.

Kenaka mwana wamkulu wa Gelevazio anaitana chapansipansi kuchokera pakhonde, "Ababa, afika pathandala."

Nasibeko anasuzumira panja. Munda wonse unali bii. Mzere uja unali utaima m'mphepete mwa bwalo, pafupi moti mbale zapathandala zinali pakati pa miyendo yawo. Pakati pa mzerewo anthu awiri anali atapatukana pang'ono, kusiya mpata wokwana munthu mmodzi, ndipo kuseri kwa mpatawo kanjira ka nkhuni kankaoneka, kakukwera phiri. Pambali pa mpatawo panaima mnyamata wosamera ndevu uja, maso ake ali pakhomo la chisakasa, akudikira.

Ine nthano yanga ndaitula pamenepa, ndipo sindiinyamulanso. Mfuti ili pachifuwa pa Lufeyo, mwana akuzizira pamphasa, mpata ndi wa munthu mmodzi. Gelevazio akudziwa njira ndipo ndi amene anaba kwa wakufa, koma akasowa iye ana ake atsala opanda kholo, komanso mtima wa mfuti ukhoza kumukanika. Lufeyo ndiye anaidzutsa atachenjezedwa, zala zodziwa ndi zake, koma miyendo yoti imufikitse alibe. Nasibeko anaphwanya pangano akudziwa, mfuti imamumvera ndipo mwina angabwerere, koma njira sakuidziwa, ndipo wanyamula munthu wosalakwa.

Tsono inu amene mwakhala mukumvetsera, tiuzeni, ndipo munene chifukwa chake: mwa atatuwa, ndani anyamule mfuti ija n'kulowa pampata paja?